Mboni ya a Dixon

Belinda anakhala pa mpando wakumbuyo m'chipinda cha komiti, m'nyumba ya malamulo ya ku Indianapolis, chijasi chili chinyowere ndi sino, chipale chofewa chija. Unali mwezi wa Febuluwale, chaka cha 2008. Kunja kunkazizira koopsa, koma iye mtima unali ukuwira.

Kuchokera ku South Bend anabwera pa galimoto ya mnzake wa kutchalitchi, Vainess. Yapakhomo anatenga amuna ake, a Lucious, omwe ankati ali ndi intavyu yoti akwezedwe pantchito. Suti yawo anawasitira yekha dzulo lake, ndipo poti maganizo anali kwina, simbi inawotcha mkono wa jekete n'kusiya chipsera chofiirira pafupi ndi chigongono. Bambowo sanakalipe. Anangomulangiza kuti asadzivutitse ndi ulendo m'chisanu chotere.

Akanakhala bwanji kunyumba? Kutsogoloko kunali a Dixon, phungu wa imvi zopesa bwino, akumwetulira ngati wogulitsa inshuwalansi. Mavoti a mkuluyu Belinda ankawadziwa pamtima. Kukweza malipiro a anthu otsika, anakana. Kuwonjezera ndalama zachipatala za ana a amphawi, anakana. Kuchepetsa msonkho wa eni makampani, dzanja linali m'mwamba asanamalize n'kufunsa komwe. Mfuti ndiye osanena, ankazikonda kuposa anthu. Komabe pakamwa sipankachoka mawu akuti banja ndi Baibulo, moti ena kutchalitchi ankawatcha munthu wa Mulungu. Mulungu wake utiyo, Belinda sankamudziwa.

Tsopano anabweretsa bilu yoti makoleji a boma azichotsa ophunzira opanda mapepala okhalira m'dzikomo n'kukawanena kwa oona za olowa ndi kutuluka m'dziko. Biluyo kwa Belinda inali ndi nkhope, nkhope ya Atupele, mwana wa malemu mkulu wake. Atupele anabwera ku America ali wamng'ono, mayi ake n'kumwalira, viza n'kutha. Belinda anamulera m'nyumba mwake ngati wobereka yekha. Kunangotsala chaka chimodzi kuti amalize maphunziro a unamwino. Bilu ikadutsa, mwanayo sukulu yathera pomwepo, mwinanso kumukweza ndege kupita kudziko limene sankalikumbuka n'komwe.

Zonse za m'biluyo anamufotokozera ndi a Lucious, ndime ndi ndime, usiku ali patebulo. Belinda ananyadira kukhala ndi mwamuna wotsata zinthu. Chilumbirire unzika wa America, bambowo ankawerenga za malamulo kuposa nyuzi za mpira.

A Dixon anayimirira. Anayamba ndi kuyamikira alendo obwera mwachilungamo, mawu ali see ngati batala. Kenaka anati ganizo la biluyi silinali lawo ayi. Akuti kunabwera munthu ku ofesi kwawo, wochokera ku Africa, Mkhristu, wolimbikira ntchito. Munthuyo akuti anadandaula kuti iye anayima pamzere zaka zambiri kudikira mapepala, pamene ena amangolowera pawindo n'kumadya thukuta lake, ena mpaka m'nyumba mwake momwe.

Belinda anagwira mkono wa Vainess mpaka zikhadabo kulowa.

"Bodza limenelo, amwali," ananong'ona mwaukali. "Mwafirika wake uti? Angomupeka kuti atiphimbe m'maso. Ikafika nthawi yanga ndiwachalenja amutchule dzina."

Vainess anamukumbutsa kuti akachita phokoso amutulutsa asanayankhule. Belinda anausiya mkonowo. Andale amatero: akafuna kubaya munthu wakuda, amabwereka dzanja lakuda, likasowa amalijambula. Iye ankawadziwa Amalawi a ku South Bend, a ku Beech Grove, ngakhale Azambia ndi Akenya omwe ankakumana nawo pa maukwati ndi pamaliro. Miseche ankadyana, inde, ndipo ena sankapatsana moni. Koma kupita kwa mzungu kukapereka mwana wa mnzako kuti amudipote? Zimenezo ayi. Panalibe wouma mtima chotero.

Anakonza mawu ake m'mutu. Adzawauza a Dixon za mavoti awo, limodzilimodzi, pamaso pa anzawo. Adzawafunsa kuti banja limene amalilalikira ndi la mtundu wanji, loti mwana wamasiye alibe malo. Adzawauza kuti kunyumba kwake kuli mwamuna wochokera ku Africa weniweni, osati wopeka, amene wadyetsa mwana wa mlamu wake zaka zonsezi osawerengera. Pomaliza adzawatcha abodza, amutulutse ngati akufuna.

Wapampando anawerenga mayina a ofuna kuyankhula. La Belinda linalipo, koma anati ayambe ndi ogwirizana ndi biluyo. A Dixon anamwetuliranso, n'kunena kuti ena angaganize kuti munthu uja ndi nthano chabe, choncho amupempha kuti abwere adziyankhulire yekha.

"Tiyeni timuone," anatero Belinda mokweza, anthu n'kucheuka.

Chitseko cham'mbali chinatseguka. Munthuyo analowa mwaulemu, nagwirana chanza ndi a Dixon ngati anzawo akalekale. Pamene ankakweza dzanja kuti akonze maikolofoni, Belinda anaona pajekete chipsera chofiirira pafupi ndi chigongono.