Fanuwelo m'Wodi ya Amayi

Masiku ano bambo saloledwa kuchoka m'chipatala mwana wake asanadziwe kuyamwa. Makina a pabedi ndiwo amanena ngati khanda lakhuta.

Fanuwelo anali atatopa nazo. Kumudzi chimanga chinali chitalowa tchire, mbuzi anasiyira mlamu wake. Kuno ankagona pamphasa pafupi ndi bedi la mkazi wake Dailesi, kuchapa matewera ndi kumuphikira phala la nsinjiro. Koma mwana ankangogwira bere n'kulisiya, kwinaku akulira.

"Bwanji tingomupatsa mkaka wa m'chitini, amayi?" anatero Fanuwelo. "Mvulatu sidikira munthu."

"Mawere amene akutuluka zilondawa ndi anga, bambo," anayankha Dailesi, maso ali psuu. "Mwandimva ndikudandaula?"

Fanuwelo anazyolika. Kenako anakwera pabedi, anatsamiritsa mkazi wake pachifuwa monga namwino anawaonetsera, n'kuchirikiza kamutu ka mwanayo. Mkono unachita dzanzi, koma sanausunthe.

Patapita nthawi kulira kunatha. Anamva kakhandako kakumeza pang'onopang'ono, ndipo makina anayaka zobiriwira.

Namwino anabwera akumwetulira. "Mwamasuka, bambo. Mukhoza kupita kumunda."

Fanuwelo anayang'ana Dailesi. Anali atagona tulo tofa nato pachifuwa pakepo, kukamwa kuli yasa.

"Yankhulani motsitsa, anamwino," ananong'oneza. "Ndipita akadzuka."