Bambo Athawa Mwezi

Anjimile anapeza bambo ake atagwada pakapeti, akukanikiza sutikesi ndi bondo kuti zipi itseke. Linali Loweruka masana, iye akuchokera kuntchito ku famase yogulitsa mankhwala, yunifomu ikadali m'thupi.

"Adadi, ulendo wa kuti?"

"Ku Lewisham, kwa anzanga a Goodwell," anayankha a Felton osadzutsa mutu. "Mwezi ukuyandikira dziko sabata ino. Akuti kuchita chivomerezi pansi pa nyanja, funde lalikulu lilowa mu Thames. Ife tili m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje."

Anjimile anamva ngati wameza ntchentche. Uthenga umenewo ankaudziwa. Unali utazungulira m'magulu onse a Amalawi pa WhatsApp: mawu a munthu wina wodzitcha mneneri, wolankhulira m'mphuno, akulumbira kuti tsunami imeza madera a Greenwich ndi Woolwich mu London usiku umene mwezi udzakule ngati lichero. Pansi pake anthu ankangoponya ma ameni. Iye anaufufuta asanaumalize n'komwe.

Koma bambo ake? Munthu amene anaphunzitsa jogalafe ku Zomba mpaka imvi mbuu? Amene ankakalipira ana a sukulu akanena kuti kadamsana ndi mkwiyo wa mizimu?

"Adadi, mwezi ukayandikira, madzi a mumtsinje amakwererako pang'ono, basi. Umayandikira chaka ndi chaka, London sinamirepo. Akatswiri afufuza mpaka kutopa, palibe amene angalosere chivomerezi poyang'ana mwezi. Zimenezi munandiphunzitsa ndinu!"

"Ndi ukalamba, mwananga," anatero mkuluyo. "Munthu umayamba kuopa."

Mwamuna wake, Trevor, anatulukira kukhitchini atanyamula kapu ya tiyi. Anapukusa mutu mwachisoni.

"Ndawachonderera kuyambira m'mawa," anatero motsitsa mawu. "Asiye, Anji. Mantha alibe mankhwala. Mwezi ukabwerera kwawo, nawonso abwerera."

Anjimile anapita pawindo kuti asayang'ane bambo ake. Kunja mtsinje unali phee, wotuwa ngati madzi otsukira mbale. Boti lodzaza alendo linkadutsa, anthu akujambulana zithunzi. Palibe ndi mmodzi yemwe amene ankathawa.

Kwa a Goodwell ankakudziwa bwino. Kanali kachipinda pamwamba pa shopu yokazinga nkhuku, makoma akuda ndi nkhungu, fungo la mafuta owauka litalowerera mpaka m'mabulangete. Masitepe ake anali otsetsereka, opanda pogwira. Ndipo chiwagwereni sitiroko, amayi atangomwalira, a Felton ankakoka mwendo wamanzere. N'chifukwa chake iye anawatenga ku Zomba, n'kuwakonzera chipinda chofunda choyang'ana kumtsinje. Lero ankasiya zonsezo chifukwa cha wabodza wina wa pafoni, woti ngakhale dzina lake palibe ankalidziwa.

 Ananyansidwa ndi mneneriyo, ndi onse otumiza uthengawo asanaganize, ndipo, ngakhale zinamuwawa kuvomereza, ndi bambo ake omwe.

"Mukagwa pamasitepe paja, mudzati ndi mwezinso?"

A Felton anagwira mpando n'kudzuka pang'onopang'ono. Anavala jekete lawo, akulimbana ndi mabatani. Masiku ena Anjimile akanathamanga kukawathandiza. Tsiku limeneli anangopinda manja.

"Anzanga akamva kuti bambo anga athawa mwezi, ndikabisa kuti nkhope?" anatero. "Mwandichititsa manyazi, adadi. Sindinkadziwa kuti nzeru nazo zimapuma pantchito."

 Mkuluyo anamuyang'ana kanthawi, milomo ikugwedera ngati akufuna kunena kanthu. Kenako anatola ndodo yawo.

"Tsala bwino, mwananga. Uzidya, waonda."

Trevor anaika kapu patebulo n'kunyamula sutikesi. "Takisi yafika, bambo. Tiyeni ndikuperekezeni. Pang'onopang'ono, musafulumire." Anawagwira pachigongono mwaulemu, ndipo Anjimile anathokoza mumtima kuti m'nyumbamo munali munthu mmodzi woleza mtima, chifukwa iye wake unali utatha. Iye sanawaperekeze ngakhale pa lifiti. Anangomva chitseko chikutsekeka, kenako kukwekwereza kwa mwendo kukuzilala m'khonde.

Analowa m'chipinda cha bambo ake ali fuu, kuti akatsegule windo. Bedi linali loyala bwino. Chithunzi cha amayi chinali chitachoka pakhoma, mabuku onse atapita, ngakhale masilipasi. Katundu yenseyu, ulendo wa sabata imodzi! Anatsonya. Apo ndi pamene anaona kabotolo ka mapiritsi a magazi katagwera kuseri kwa nyali.

Mkwiyo ndi mkwiyo, koma mapiritsi amenewo sadumphitsa tsiku. Lifiti inali itatsika kale, ndipo kuchokera pamwamba pomwe ankakhalapo sakanawapeza ndi masitepe. Anathamangira pa foni ya pakhoma, yolankhulira ndi munthu amene waima pachitseko cha pansi, kuti awauze adikire. Anainyamula n'kuiika kukhutu. Munamveka phokoso la msewu, basi ikudutsa, kenako mawu a Trevor, ouma ngati si yemwe uja.

"Mwezi ukadutsa, mupeze chifukwa china. Ndinanena kale, m'nyumba mwanga simubwereranso."

"Ndamva, mkamwini," anayankha a Felton. "Bola mwana wanga azinditenga ngati wopusa, kusiyana n'kuti adziwe munthu amene anakwatiwa naye."