Vania Wayamba Kuyankhula

"Tseka maso," anatero Madamu Thandie. "Usaloweze mawu. Uone chithunzi chake."

Vania anatseka maso, kope lili pamiyendo. Mayi ake, a Marcelina, ankaswa mtedza chapatali pansi pa mtengo wa manachesi, poti Madamu anati mwana akamaona kholo pafupi amachita manyazi. Zonenedwa pakhondepo sankazimva bwino. Ankangoona milomo ya mwana wawo ikugwedera, ndipo mtima wawo unkakhala pansi.

Kwa miyezi itatu mwanayo anali duu. Chimwalirire bambo ake, a Zeferino, atagundidwa ndi galimoto pamsewu wopita kumalire, Vania sanatulutse mawu oposa "eya" ndi "ayi". Tsikulo anali nawo limodzi, akuchokera kuchigayo, ndipo woona wina panalibe. Galimotoyo ankayendetsa a Malcolm, mkulu wina wolemba mapepala a katundu pachipata, munthu wobwera amene a Marcelina anangomuonapo kamodzi. Apolisi sanabise mawu. Anati mwanayu akapanda kunena zimene anaona, mlandu ufera m'kabati.

Kusukulu aphunzitsi anali atamutaya kale. Mwana wa Sitandade 3 wosayankha funso, amuchitenji? Anamukhazika kumbuyo ngati thumba la gaga. Ndiye kunabwera Madamu Thandie, mphunzitsi watsopano temu yomweyo, wakhungu losalala ndi mawu oleza. Sabata yoyamba isanathe anafika okha pakhomo, nsapato zili mbuu ndi fumbi.

"Mayi, mwana wanuyu si mbuli," anatero. "Akungofunika njira. Mundilole ndizibwera."

Ankabwera katatu pa sabata akaweruka. A Marcelina anayesa kuwagwirira nkhuku, iwo anakana. Mudzi wonse unkayamikira, ngakhale aja amene sayamika mvula.

Njira zawo zinali zoleza mtima. Asanawerenge, mwana aone mutu wa nkhani, aganize zimene zili m'katimo. Awerenge chamumtima, ndime imodzi basi, adule mzere kunsi kwa mawu ofunika. Kenako mafunso: ndani, kuti, liti, chifukwa chiyani? Pamene sanamvetse abwerere, awerengenso. Pomaliza adziike yekha m'nkhanimo, aifotokoze m'mawu akeake.

Nthawi zina Vania ankapukusa mutu mwamphamvu. Madamu sankakalipa. Ankagogoda kope ndi bolopeni, n'kukweza mawu pang'ono, moti awa okha a Marcelina ankawamva.

"Yankho lili m'ndime, Vania. Usayankhe za m'mutu mwako."

Mwana akalira, iwo ankamupukuta misozi ndi mpango wawo womwe, n'kuyambiranso pamwamba pa tsamba.

Tsiku lina a Marcelina anasuzumira m'kopemo. Iwo anakulira pothawa nkhondo, sukulu anangoilawa, moti zilembo kwa iwo zinali nyerere. Komabe anaona kuti tsamba ndi limodzi lomwelo, lakuda ndi zala, lodzaza mizere yofiira.

"Bwanji simukusintha nkhani, Madamu?"

"Kumvetsa imodzi kumaposa kungowerenga khumi. Apa tikumanga faundeshoni."

"Obrigada, Madamu, zikomo kwambiri. Mulungu yekha ndiye adzakulipireni."

Sabata yachisanu ndi chimodzi, m'mawa kukuzizira, Vania anaima pakhomo n'kunena kuti, "Mama, juzi yanga ili kuti?" A Marcelina anataya tsache, anagwada pafumbi n'kulira mokweza, moti anansi anathamangira poganiza kuti kwagwanso zovuta. Chinali chimwemwe. Mwana wabwerera, ndipo a Zeferino apeza wowayankhulira.

Patapita masiku awiri kunabwera wapolisi wamkazi, faelo ili kukhwapa. Anakhala pakhonde pomwepo, anamwetulira mwanayo, n'kumuuza kuti asaope.

"Tandiuza, mwanawe, unaona chiyani tsiku lija?"

Vania anakhala mowongoka ngati ali m'kalasi. Mawu anatuluka osadodoma ngakhale pamodzi.

"Papa anali ataledzera. Ankayenda dzandidzandi. Galimoto inkabwera pang'onopang'ono, inaliza hutala katatu. Ine ndinawakoka dzanja, koma iwo anandikankha n'kulowa okha pakati pa msewu."

A Marcelina anadzambatuka. A Zeferino anali mkulu wa mpingo, mowa sanaulawepo chikwatiranire.

"Vania! Bambo ako? Ukuti bambo ako iwe?"

"Mayi, chonde musamuphunzitse zonena," wapolisiyo anawadula. Anamufunsa mwanayo uku ndi uku: kunali kuti, inali nthawi yanji, chifukwa chiyani anagwa. Anabwereza mafunso mozondotsa, monga amachitira pofuna kugwira mboni yoloweza. Vania sanaphonye. Ulendo uliwonse ankafotokoza ndi mawu ena, koma nkhani inali yomweyo.

"Woloweza timamudziwa," anatero wapolisiyo akutseka faelo. "Uyu zinthuzi anaziona ndi maso. Zikugwirizana ndendende ndi zimene ananena dalaivala. Pepani mayi, apa mlandu palibe."

Anaimirira, anasasa siketi, n'kusisita Vania pamutu.

"Koma anthu amtima wabwino akadalipo. Mchemwali wawo wa a Malcolm, mphunzitsi uja, dzulo anayenda yekha mpaka ku ofesi kudzatiuza kuti mwana wanu tsopano wakonzeka."