Mkaka wa Nyamhone

M'midzi yozungulira nyanja ya tauni ina ya kumpoto, mayi sankaloledwa kuyamwitsa asanayezetse mkaka wake. Nyamhone anakulira komweko, akumwa madzi amene mafakitale ankatayiramo zonyansa. Azaumoyo atadontheza mkaka wake pa kapepala koyezera, kapepalako kanada bii. Anati m'thupi mwake munali mtovu, ndipo anamuletsa kuyamwitsa.

Choncho khanda lake likalira, ankalibereka kupita nalo kwa mlamu wake Tapiwa, amene anakulira kumapiri ndipo nayenso anali ndi mwana wakhanda. Awiriwa sankayankhulana chikanganiraneni za malire a dimba.

"Alamu, walira," ankatero Nyamhone ali pakhomo, maso ali pansi.

Tapiwa ankangomulandira mwanayo n'kuyamba kumuyamwitsa. Nyamhone ankazungulira kuseri n'kumafinyira mkaka wake m'chitini chotsekera, pakuti ngakhale kuutaya pansi kunali koletsedwa.

Tsiku lina mwanayo anakana kubwerera kwa mayi ake, anakakamira bulauzi ya Tapiwa. Nyamhone anatembenuka kuti azipita.

"Alamu, bwererani," anatero Tapiwa, akusendera pamkeka. "Khalani apa. Akamayamwa muzimugwira kadzanja, aziona nkhope yanu."