Filimu ya nyenyezi ya mchira

Ponyamuka ulendo wa ku Mangalande ali mnyamata, Makaiko analonjeza chemwali wake Ennie kuti akadzabwerako ndi kamera adzamujambulira thambo la ku Domasi, nyenyezi zomwe ankawerenga limodzi pakhonde.

Anabwerako ndi imvi, napeza Ennie ali gone pamphasa, osathanso kutuluka panja. Chaka chomwecho nyenyezi ya mchira inaoneka pamwamba pa phiri la Malosa. Makaiko anaijambula madzulo aliwonse mpaka inazimirira, kenako anakasiya filimuyo kusitudiyo ku Zomba.

"Madala, filimu yanu ija inapsa," anatero wotsuka zithunzi tsiku lokazitenga, akupukuta manja. "Mdima wokhawokha ndi timadontho ngati nkhungu. Pena chimzere choyera, kaya munagwedeza kamera. Ulendo wina muzijambula masana, muziikamonso anthu."

"Ndipatseni momwemo."

"Aa, zija tinataya kudzala. Anyamata anatentha kale."

Makaiko atafika kunyumba, Ennie anamva mapazi ake natambasula dzanja.

"Achimwene, mwabwera nazo?"

Iye anangogwira dzanjalo, nakhala pansi.

Ennie anamwalira mwezi wa Juni, chithunzi cha thambo asanachione.