Milomo Yonyowa

Kutangoda, namwino anatuma mayi wina kukatenga mankhwala kumapeto kwa khonde. Mwana wa mayiyo anali atangochitidwa opaleshoni ya m'mimba, ndipo adokotala anali ataletseratu madzi, ngakhale kadontho.

Pobwerera anamva masilipasi akutuluka m'wodi, phwa, phwa, akukoka mwendo wamanzere monga momwe iye amayendera. Koma m'khondemo munalibe munthu.

Anapeza mwana ali maso, milomo itanyowa, madzi akuyenderera pachibwano.

"Wakumwetsa ndani?"

"Inuyo, amayi."

"Ine? Si ndinapita kukatenga mankhwala, mwanawe?"

Mwanayo anamuyang'anitsitsa, kenako anayamba kusendera kukhoma pang'onopang'ono, dzanja lili pabala.

"Amayi anandiuza kuti kubwera wina wofanana nawo," ananong'ona. "Akuti ndisamulole andigwire."