Mlandu wa Mbewu Yofumbwa

Padangokhala Njoka ndi Nkhono, aliyense ndi bizinesi yake ya mbewu, yopanda wogawana naye phindu. Chaka china onse awiri anapikula chimanga chofumbwa osadziwa, nkugulitsa kwa Nkhanga. Mvula inagwa, koma m'minda simunamere kanthu. Nkhanga zinakasuma kwa Njati, woweruza milandu.

Njoka anafundula khungu lake nkuliponya pabwalo. "Anakugulitsani ndi uyu, mufunseni. Ine ndabadwa lero."

"A Njoka, musatipusitse," anatero Njati. "Mwa lamulo, bizinesi ya mwini mmodzi ndi mwiniwakeyo ndi chinthu chimodzi. Mulipira ndinu, ngakhale dzenje lanu lipite."

Nkhono anafika mochedwa, thukuta lili kamukamu, nyumba yake ili kumsana.

"Phindu ndinkadya ndekha, mlanduwunso ndi wanga ndekha," anatero. "M'nkhokwe mulibe kanthu. Tengani nyumbayi."

Kenako mkulu wa Nkhanga anati, "Mayi, bwererani nayo. Mudzatipatse mbewu chaka chamawa."

Mpaka lero Nkhono sasiyana ndi nyumba yake. Njoka akufundulabe, koma Nkhanga zikangomuona zimakuwa kuti, "Ndi yemwe uja!"